Sikani ya m'manja: makina ounikira m'thupi wodwala ali pomwepo

Anthu a ku Nzama ndi midzi yozungulira, ambiri tinazolowera kuti sikani ndi chimakina chachikulu cha pachipatala cha boma ku Ntcheu. Tsopano kuli ina yaing'ono ngati tochi, yolumikiza ku foni kapena tabuleti. Umodzi mwa mitundu yake ndi Butterfly iQ.

Imagwira ntchito bwanji?

Dokotala kapena mzamba amapaka mafuta oterera pakhungu, n'kuyendetsapo kachipangizoko. Kamatumiza mawu oti khutu silingamve, ndipo mawuwo akagunda chiwalo amabwerera n'kupanga chithunzi. Magazi otayikira m'mimba amaoneka akuda bii. Mafutawo amazizirira, basi. Palibe jakisoni, palibe kucheka, palibe cheza ngati cha ekisire, ndipo makinawa sapopa magazi a munthu.

Pa ngozi

Ku Germany ndi ku Norway madokotala amakwera ndi sikaniyi m'helikopita zonyamula ovulala. M'menemo phokoso ndi lalikulu moti chipangizo chomvera pachifuwa sichithandiza, choncho amaona ndi maso ngati phapo laphwa kapena magazi azungulira mtima.

Kwathu kuno ambulansi ndi galimoto, koma funso ndi lomwelo: wofunika kuthamangira naye ndani? Munthu wagwa pa kabaza, bala kunja kulibe, akuyankhula bwinobwino, abale n'kumati angopuma kunyumba. Chonsecho kapamba waphulika mkati, ndipo kapamba wotupa ndi malungo sachedwa kutero. Wodziwa ntchito amaunika pansi pa nthiti kumanja, kumanzere, pachinena ndi pamtima. M'mphindi zochepa amadziwa ngati wovulalayo akufunika opaleshoni, n'kuimbiratu foni ku Ntcheu kuti akonzekere.

Amayi oyembekezera

Kuyambira 2016, bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aunikidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24. Sikani imaonetsa msinkhu wa mimba ndiponso ngati muli mapasa. Kumapeto imaonetsa ngati mwana wapingasa kapena nsengwa yatseka njira. Zoterezi sizofunika kuzidziwira m'matenda usiku wa mvula, msewu utaterera. Mayi akadziwiratu amapita kuchidikiro nthawi ilipo. Ena amangofuna kumva ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Mzamba ali ndi zazikulu zoti aone.

Zimene singachite

Sikani sichiza. Singaone m'mutu mwa munthu wamkulu chifukwa fupa limatchinga, ndipo magazi akakhala ochepa ikhoza kuwaphonya. Imafunanso batire lodzaza ndi munthu wophunzitsidwa.

Choncho ngakhale akuuzeni kuti m'mimba mulibe kanthu, bwererani msanga mukamva chizungulire, mimba ikamatupa kapena kupweteka kwambiri, kapena mukamataya magazi. Amayi, yambani sikelo m'miyezi itatu yoyamba, ndipo funsani azamba pachipatala cha Nzama kumene mungakaunikidwe ndi tsiku lake.