Phunziro 17: Mana, Zinziri ndi Tirigu wa ku Kanani

Mawu owerenga: Eksodo 16:1-36, Numeri 11:4-34, Yoswa 5:10-12

Vesi loloweza: Ahebri 12:11

Cholinga: Ana adziwe kuti zokoma za moyo uno ndi mphatso ya Mulungu, koma amene amamva kukoma kwake ndi munthu amene waphunzira kupirira masiku otopetsa ndi ovuta.

MAWU KWA MPHUNZITSI

Mphunzitsi mnzanga, werengani ndime zitatuzi kunyumba pakati pa sabata. Musadikire Loweruka usiku, pakuti phunziro ili liyenera kuyamba lakhudza inu lisanakhudze ana.

Mawu amene timawamva kawirikawiri pakamwa pa ana athu ndi akuti, "Zanditopetsa." Sukulu yamtopetsa, kutunga madzi kwamtopetsa, ndiwo zamasamba zamtopetsa, ngakhale Sande Sukulu yomwe. Mwana akagwira foni ya bambo wake amaonera kakanema aka, kasanathe wasuntha chala kufuna kena, ndipo pakutha maola awiri sangakuuzeni ngakhale chimodzi chimene chamkondweretsa. Tsono funso la phunziro lathu nali: kodi munthu atachotseredwa ntchito zonse zotopetsa ndi mavuto onse, n'kutsala ndi zokoma zokhazokha, zokomazo zingamkomerebe? Tidzapeza yankho m'nkhani ya zakudya zitatu zimene ana a Israyeli adadya pa ulendo wawo.

CHIYAMBI

Afunseni ana kuti, "Kodi chimanga chimakoma liti koposa?" Ambiri adzatchula mondokwa woyamba wootcha pamoto. Afunseni chifukwa chake. Athandizeni kuona kuti mondokwa amafika nkhokwe zitatha, anthu atalima, atabzala, atapalira, atabandira, ndi kudikira miyezi itatu kapena inayi. Chimanga chomwecho nkhokwe zikadzaza palibe amachithamangira. Mukatero lowani m'nkhani.

NKHANI

1. Mana

Patatha mwezi umodzi ana a Israyeli atatuluka m'dziko la Aigupto, adafika m'chipululu cha Sini, pakati pa Elimu ndi phiri la Sinai. Njala idawapweteka, ndipo adayamba kudandaulira Mose ndi Aroni. Yehova adamva. Madzulo adawatumizira zinziri, koma chakudya chokhalitsa chidafika m'mawa mwake. Mame atakamuka, pansi padaoneka tinthu ting'onoting'ono toyera, ngati timbewu. Anthu adafunsana kuti n'chiyani chimenechi, ndipo dzina lakuti mana lidachokera ku funso lomwelo m'Chihebri. Atalawa adapeza kuti akukoma ngati timikate tothira uchi.

Mana adabwera ndi malamulo ake. Munthu aliyense ankatola omeri imodzi, ndiwo muyeso wa malita 2 kapena kupitirira pang'ono. Ankayenera kulawira, chifukwa dzuwa likatentha mana ankasungunuka. Wosunga mkute ankaupeza m'mawa uli ndi mphutsi, ukununkha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi lokha ndi pamene ankatola miyeso iwiri, kuti apumule pa Sabata.

Awuzeni ana kuti mana sankagwera m'mbale ali opsa kale. Ankawatola, kuwapera pamphero kapena kuwasinja mumtondo, ndi kuwaphika mumphika. Ntchito yomweyo, chakudya chomwecho, kwa zaka 40. Lembani pa bolodi 40 x 365, ndipo ana okulirapo awerengere. Adzapeza masiku 14,600.

2. Zinziri

Chitangotha chaka chimodzi, atanyamuka ku Sinai, nkhuli idawagwira. Idayambira kwa anthu a mitundu ina amene adatsagana nawo, kenaka idafalikira msasa wonse, mpaka mabanja ankalira pakhomo pa mahema awo. Adakumbukira nsomba za ku Aigupto, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo, nati mana awatopetsa.

Imani pamenepa, muwafunse ana zimene anthuwa adaiwala. Adaiwala njerwa zimene ankaumba, udzu umene ankasaka okha, akapitawo owamenya, ndi ana awo aamuna amene Farao adalamula kuti aziponyedwa mumtsinje. Munthu akatopa ndi za lero, amakumbukira ndiwo za dzulo n'kuiwala chikoti chake.

Madandaulowo adamlemera Mose kotero kuti adapempha imfa. Yehova adampatsa akulu 70 kuti asenze naye katunduyo. Kwa anthu adati adzawapatsa nyama mwezi wathunthu kufikira itawakola. Mphepo idabweretsa zinziri kuchokera kunyanja. Mbalamezi chaka ndi chaka zimauluka pakati pa Ulaya ndi Africa, kuwoloka nyanja ya Mediterranean, ndipo zikatera zimakhala zitatopa kotero kuti sizivuta kugwira. Anthu adatola usana wonse, usiku wonse, ndi tsiku lotsatira lonse. Amene adatola zochepa adatola mahomeri 10. Homeri imodzi ndi maomeri 100. Ndiye kuti munthu amene ankakhuta ndi omeri imodzi pa tsiku adadziunjikira maomeri 1,000 nthawi imodzi. Nyama ikadali m'mano, mliri waukulu udawagwera. Malowo adawatcha Kibroti Hatava, kutanthauza manda a chilakolako. Akuluakulu athu adati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

3. Tirigu wokazinga

Zaka zidapita. Amene anali ndi zaka 20 kapena kuposa pamene anthu adakana kulowa m'dziko la Kanani adathera m'chipululu, kupatula Yoswa ndi Kalebe. Ana awo ndiwo adawoloka Yordano, namanga misasa ku Giligala, m'chigwa cha Yeriko. Kumeneko adachita Paskha, ndipo m'mawa mwake adadya zokolola za m'dzikomo: mikate yopanda chotupitsa ndi tirigu wokazinga. Atatero mana adaleka kugwa.

Onani kuti chakudyachi chinali chawamba, monga chimanga chokazinga kwa ife. Panalibe nyama yonona. Komabe Baibulo lidasunga tsiku limene adachidya. Auzeni ana aganizire mnyamata wobadwira m'hema, amene sadalimepo munda, akutafuna tirigu wa dziko limene Mulungu adalonjeza Abrahamu. M'dzanja limodzi la tirigu uja munali ulendo wonse wa zaka 40, ndi lonjezo la Mulungu litakwaniritsidwa.

MFUNDO ZOTI ANA ATENGE

(a) Zokoma n'zochokera kwa Mulungu. Mana ankakoma ngati uchi chifukwa Mulungu adafuna kuti akome. Mlaliki 3:13 atiphunzitsa kuti kudya, kumwa ndi kukondwera ndi ntchito yathu ndi mphatso yake. Musawachititse ana manyazi chifukwa chokonda mpira, nyimbo kapena mpunga wa pa Khirisimasi.

(b) Kukoma kumadalira mtima wa wakudyayo. Mana a chaka chachiwiri anali ofanana ndi mana a tsiku loyamba. Chimene chidasintha ndi anthu. Werengani Miyambo 27:7, pamene tiona kuti uchi umanyansa munthu wokhuta pamene chowawa chimakomera wanjala. Werenganinso Mlaliki 5:12, za tulo ta munthu wogwira ntchito. Pa Mlaliki 2 tikumana ndi mfumu imene sidadzimane kanthu. Idamanga nyumba, idabzala minda yamphesa, idasonkhanitsa siliva, golidi ndi oimba, koma potsiriza idaona kuti zonsezo n'zachabe. Zokoma zikamatsatana popanda mpata, lilime limaleka kuzimva, ndipo munthu amafuna zochuluka kuti amve zimene kale ankamva ndi zochepa. Umo ndi mmene kumwa kwa apo ndi apo kumasandukira uchidakwa.

(c) Masiku otopetsa ndiwo amakonzera munthu chimwemwe. Pa Deuteronomo 8 Mose adafotokozera anthu kuti Mulungu adawalola kumva njala, nawadyetsa mana, kuti awachepetse ndi kuwaphunzitsa kudalira mawu ake. Adawachenjezanso kuti ngozi yaikulu idzabwera akadzakhuta ndi kumanga nyumba zabwino, chifukwa pamenepo adzayesedwa kuiwala amene adawapatsa. Ndikamaphunzitsa Sitandade 1 ndinkabwereza a, e, i, o, u ndi ba, be, bi, bo, bu miyezi yathunthu. Ana ankayasamula, ndipo nthawi zina ine ndemwe ndinkatopa. Koma tsiku lina kamtsikana kena kadalowa m'kalasi kakuthamanga, kakufuula kuti kawerenga kokha mawu olembedwa pa thumba la feteleza. Ndikadakawerengera ine mawuwo, sikakadadumpha motero. Chimwemwe chija chidali chake chifukwa miyezi yoyasamula ija idali yake. Walira mvula walira matope.

(d) Ambuye Yesu adayenda njira yomweyi. Ahebri 12:2 atiuza kuti adapirira mtanda poyang'ana chimwemwe chimene chinali patsogolo pake. Asanayambe kulalikira adakhala zaka pafupifupi 30, zambiri mwa izo ku Nazarete, kumene anthu ankamdziwa ngati mmisiri wa matabwa. Pa Yohane 6 adzitcha mkate wotsika kumwamba, woposa mana amene makolo adadya m'chipululu. Iye sitimtola kamodzi kuti atikwanire chaka. Timabwera kwa Iye m'mawa uliwonse.

CHENJEZO

Phunziro ili lingapotozedwe, choncho samalani pa zinthu ziwiri.

Choyamba, musaphunzitse kuti mavuto ndi abwino pa okha, kapena kuti timagula madalitso ndi kuvutika. Mana adaperekedwa kwaulere kwa anthu odandaula. Mulungu yemweyo adaona nsautso ya ku Aigupto, nawatulutsamo. Sadawauze kuti apirire chikoti kuti ufulu udzawakomere. Kudzuka m'mamawa kukatola mana n'kosiyana ndi ukapolo. Choyambacho tichipirire, chachiwiricho tichithetse.

Chachiwiri, yang'anani nkhope za ana anu. Mwina pakati pawo pali amene wagona ndi njala, kapena amene akuzunzidwa kunyumba. Mwana wotere akamva mphunzitsi akuyamikira kupirira, angaganize kuti Mulungu afuna kuti akhale chete. Nenani momveka kuti mwana amene akumenyedwa mwankhanza, kumanidwa chakudya, kapena kugwiridwa thupi mosayenera, auze munthu wamkulu amene amamkhulupirira. Mwana akakuuzani zotere, musazisunge nokha. Dziwitsani abusa kapena mkulu wa mpingo tsiku lomwelo, ndipo nkhaniyo ifike kwa apolisi kapena a zosamalira ana.

Pomaliza, mawu kwa inu nokha. Kuphunzitsa Sande Sukulu ndi ntchito ya mana. Sabata ndi sabata mumasesa malo omwewo, kuitana maina omwewo, kubwereza vesi lomwelo kwa ana amene aliiwala. Palibe malipiro, ndipo oyamika ndi ochepa. Ena anzathu adasiya m'chaka chachiwiri, nthawi yomwe Aisrayeli adatopa ndi mana. Koma afunseni aphunzitsi amene akhala zaka 15 kapena 20 zimene amamva akaona mwana wa m'kalasi mwawo akuimirira kutsogolo kwa mpingo kuvomereza chikhulupiriro chake. Ameneyo ndiye tirigu wa ku Giligala, ndipo amadyedwa ndi okhawo amene adakhalabe pa ulendo.

MAFUNSO

Kwa ana aang'ono:
1. Kodi mana ankaoneka bwanji, ndipo ankakoma ngati chiyani?
2. Chinkachitika n'chiyani munthu akasunga mana kufikira m'mawa?
3. Tchulani zakudya zitatu za ku Aigupto zimene anthu adazikumbukira.
4. Kodi mana adaleka kugwa liti?

Kwa ana okulirapo:
5. Mana sadasinthe kukoma. Nanga n'chifukwa chiyani anthu adatopa nawo?
6. Nyama ya zinziri ndi yabwino kuposa tirigu wokazinga. N'chifukwa chiyani nyama idathera m'maliro, koma tirigu adadyedwa pa chikondwerero?
7. Pali kusiyana kotani pakati pa ntchito yotopetsa imene tiyenera kuipirira ndi nkhanza zimene tiyenera kuziulula?

NTCHITO YA SABATA INO

Mwana aliyense atchule ntchito imodzi imene imamtopetsa, monga kusesa pabwalo, kutsuka mbale, kudyetsa mbuzi kapena kuloweza matebulo a masamu. Alonjeze kuichita masiku 6 osatumidwa ndiponso osadandaula. Lembani dzina la mwana ndi ntchito yake m'buku lanu. Sabata yamawa yambani kalasi ndi kuwafunsa mmene zidayendera. Amene walephera musamdzudzule. Mukumbutseni kuti mana ankagwanso m'mawa wotsatira.

PEMPHERO

Atate wathu, tikuthokozani chifukwa cha nsima ya tsiku ndi tsiku ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Tikhululukireni pamene tadandaula ndi zimene mwatipatsa. Tithandizeni kupirira zimene tiyenera kupirira, ndipo mupulumutse ana onse amene akuzunzika. Mukatipatsa zokoma, tikumbutseni kuti zachokera kwa Inu. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.