Njinga Ikakana Kulira: Kufufuza Vuto pa Batire la Lithium

Ambirife timadalira njinga zamoto, kaya za akabaza kapena za kunyumba, ndipo zina mwa izo tsopano zili ndi mabatire a lithium. Mabatirewa ndi opepuka komanso okhalitsa, koma ndi okwera mtengo. Munthu akaliyeza ndi nzeru za batire lakale la asidi akhoza kutaya batire labwinobwino, kapena kuliwononga ndi chaja yolakwika. Tiyeni tione ndondomeko yofufuzira vuto tisanatulutse ndalama.

1. Tiyambe ndi manambala

Batire la lithium la njinga, la mtundu wa LiFePO4, lili ndi zigawo zinayi, chilichonse cha 3.2V. Tikaliyeza ndi multimeter injini ili yozima, lodzaza limaonetsa 13.3V kapena kuposerapo pang'ono. Apa ndi pamene pagona phunziro lathu: 12.7V pa batire la asidi ndi chizindikiro chakuti ladzaza, koma pa la lithium nambala yomweyo ikutiuza kuti moto watsala pang'ono kutha. Choncho tiwerenge kaye zolembedwa pa batire kuti tidziwe mtundu wake.

2. Tiyeze tikudina sitata

Mnzathu adine batani la sitata ife tikuyang'ana multimeter. Nambala ikagwa mpaka pansi pa 10V, batire lafooka kapena lazizidwa. Koma ikangokhala pamene inali, sitata osazungulira, ndiye kuti moto sukufika ku sitata. Tione mitu ya batire ngati yamangidwa bwino ndiponso ilibe dzimbiri, fiyuzi, switchi yofiira ya pa chiwongolero, komanso ya pa sitandi ndi pa klatchi ngati njingayo ili nazo. Tikamva kaphokoso kamodzi kakuti "tha!" kenako zii, tikayikire relay ya sitata kapena nthambo yokhwefuka.

3. Tikumbukire kuzizira

M'mawa wa mwezi wa June kapena July, kumalo ngati Dedza ndi Mzuzu, batire la lithium limatulutsa mphamvu mwaulesi ngakhale lili lodzaza. Mankhwala ake ndi odabwitsa: tiyatse nyali yakutsogolo kwa masekondi 30 kapena mphindi imodzi, chifukwa batire likamagwira ntchito limadzitenthetsa lokha. Kenako tidine sitata kwa masekondi osapitirira asanu, tipumire, tiyesenso. Ngati ulendo wachiwiri injini ikuzungulira mwamphamvu kuposa woyamba, vuto linali kuzizira chabe. Batire la asidi limachita zosiyana: limafookerafookera tikamayesa.

4. Batire looneka ngati lafa

Mabatire ambiri a lithium ali ndi kachipangizo koteteza kotchedwa BMS. Moto ukatsika kwambiri, kachipangizoka kamadula mphamvu, ndipo multimeter ikhoza kuonetsa 0V. Nthawi zambiri batire lotere limadzukanso tikalilumikiza ku chaja ya lithium. Chaja ya batire la asidi, makamaka yokhala ndi desulfation, imatumiza mphamvu yopyola muyezo ndipo ikhoza kuliwononga. Tisalilumikizenso ku galimoto imene injini yake ikulira. Batire likatupa, likatentha kwambiri kapena likamanunkha, tilichotse, tiliike panja kutali ndi petulo, ndipo tisalitchajenso.

5. Tifunse chimene chinalimaliza

Kudzutsa batire osapeza chimene chinalidya ndi kungosuntha vuto kuti libwere mawa. Injini ikalira, tiwonjezere moto pang'ono n'kuyezanso. Tiyembekezere pakati pa 13.8V ndi 14.6V. Nambala ikakhala pansi pa 13.5V, njinga sikutchaja mokwanira. Ikamafika 15V, regulator yawonongeka ndipo ipha batire lililonse latsopano. Zonse zikakhala bwino koma batire likumatha njinga itangoima masiku angapo, tione alamu, tracker kapena potchajira foni, chifukwa izi zimamwa moto usiku ndi usana.

Kwa wakabaza, kudziwa zimenezi ndi kusiyana kwa tsiku lopeza ndalama ndi tsiku lokankha njinga kupita kwa makanika.

Mafunso okambirana

a) Batire la lithium laonetsa 12.8V injini ili yozima. Tichite chiyani tisanaganize zogula lina?

b) Batire laonetsa 13.3V, ndipo nambala sikusintha tikadina sitata. Tifufuze kuti poyamba, ndipo chifukwa chiyani?