Kodi Ndigule Bitcoin?

Funso: Ndasunga kandalama pang'ono. Ndingagule bwanji Bitcoin popanda kutaya thukuta langa?

Yankho: Bambo, popeza mtengo wa Bitcoin, umene unayandikira madola 69,000 mu Novembala 2021, unagwa kufikira pansi pa 17,000 patangopita chaka, pamenenso msika wa ndalama za pa intaneti wa FTX unagwa ndi chuma cha anthu ambirimbiri, ndikupemphani kuti musaikemo ndalama ya chakudya, ya fizi, ngakhale yangongole, koma yokhayo imene itatayika ana sadzagona ndi njala. Wokulonjezani phindu lotsimikizika mumthawe, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Gulani pang'onopang'ono, ndipo mawu achinsinsi otsegulira chikwama chanu cha Bitcoin muwalembe papepala, osauza munthu, chifukwa ndalamazo zikabedwa palibe banki yokubwezerani.