Phunziro: Muyeso Woona ndi Kalata Yoona



Thumba la mtedza likachoka kuno ku Salima kupita kunja, wogula sationa nkhope. Amadalira zinthu ziwiri zokha: zimene zayezedwa ndi zimene zalembedwa. Choncho mwana amene tikumukonzekeretsa ntchito za malonda a pakati pa maiko ayenera kudziwa sayansi ndi kulemba, komanso akhale wokhulupirika.

Bahá'u'lláh analamula makolo kuphunzitsa ana awo, aamuna ndi aakazi, kuwerenga ndi kulemba. Anaphunzitsanso kuti aliyense akhale ndi ntchito, ndipo ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira ndi kupembedza Mulungu.

Taganizirani za chuku. Ena amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, ena kuti ulemere pa sikelo. Chinyontho chimenecho chimabweretsa chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, wowononga chiwindi. Maiko a mu European Union salola mtedza wodya wokhala ndi poizoniyu kupitirira magawo 4 pa biliyoni. Chinyengo cha munthu mmodzi chingabwezetse katundu wa alimi a mudzi wonse, ndipo wotsalayo amadya ndi ana athu omwe.

Apa ndiye pali ntchito zimene ana athu ambiri sanamvepo. Pali ofufuza mbewu ngati a ku Chitala, ndi oyeza katundu mu labotale ya Malawi Bureau of Standards. Pali olemba zikalata zodutsira pa chipata cha Mchinji kapena Dedza, ndi oyendetsa katundu pa njanji mpaka ku doko la Nacala. Mango a m'boma lino ndi tinsomba ta mbuna ta ku Senga Bay sizingatuluke m'dziko popanda anthu otere.

Zoti tichite ndi ana

Ikani mtedza wouma m'mabotolo awiri. M'botolo limodzi wazani madzi pang'ono, kenaka tsekani onse awiri. Tsiku lililonse kwa sabata imodzi, ana alembe zimene akuona, osawonjezera kapena kubisa kanthu. Mtedza wonyowawo usadyedwe kapena kupatsidwa ziweto, ukwiriridwe. Pomaliza, mwana aliyense alembe kalata kwa wogula wakutali, kufotokoza mtundu wa mtedza wake, kulemera kwake ndi momwe anauumitsira. Atsikana asatsalire.

Mafunso okambirana

1. Wogula amene sitidzakumana naye ndi m'bale wathu motani?
2. Mwana akaona kuti zotsatira za muyeso zigwetsa mtengo wa mtedza wa makolo ake, alembe chiyani? Nanga ife timulimbikitse bwanji?
3. Ndani m'dera lathu amagwira imodzi mwa ntchitozi, amene tingamupemphe kudzacheza ndi ana?

Tisanabalalike, tigwirizane amene abweretse mabotolo ndi makope sabata yamawa, ndipo titseke ndi pemphero.