Phunziro 6: Kuyamba dimba la pakhomo kuzizira kukamatha

Amayi ndi abambo a m'sukulu yathu ya m'munda, phunziro ili ndi la ntchito za kumapeto kwa Julayi mpaka kumayambiriro kwa Seputembala. Muliwerenge muli kunyumba, ndipo amene maso akuvuta apemphe mwana kuti awawerengere. Zomwe zalembedwa pano tidzazichita ndi manja pa munda wathu wophunzirira.

Chifukwa chiyani tiyambe tsopano?

Mu Juni ndi Julayi nthaka imakhala yozizira, choncho mbewu zimachedwa kumera. Matimati amene amamera pakatha sabata imodzi nthaka ikafunda, nthawi yozizira amatha kutenga masabata awiri. Kumadera okwera monga ku Dedza ndi ku Tsangano, chisanu chimatha kuwaula mbande za m'dambo usiku umodzi wokha. Ogasiti akalowa zinthu zimasintha: masana kumafunda, usiku kumakhalabe kozizirira, tizilombo timakhala tisanachuluke, ndipo zitsime zimakhala zikadali ndi madzi. Nyengo imeneyi ndi yaifupi. Pofika pakati pa Okutobala dzuwa limakhala litakalipa, ndipo mbande yanthete siipirira.

Komanso kumbukirani miyezi imene ndiwo zimasowa pakhomo. Ndi Okutobala ndi Novembala, pamene mfutso watha m'chikwatu koma nkhwani ndi chitambe za m'munda zisanafike. Dimba limene mwayamba mu Ogasiti ndi limene lidzadyetse ana miyezi imeneyo.

Nthawi zimenezi ndi za madera okwera ngati kwathu kuno. Ngati muli ndi abale ku Chikwawa kapena ku Nsanje musawauze kuti adikire Ogasiti. Kumeneko kumatentha msanga, ndiye matimati ndi mpiru amayenera kuyambidwa mu Epulo kapena Meyi.

Yambani ndi kuwerengera madzi

Musanagwire khasu, pitani kaye kukaona pamene mudzatunge madzi. Funso si lakuti lero muli madzi ochuluka bwanji, koma lakuti mu Okutobala mudzakhala mutatsala ochuluka bwanji.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Bedi lotalika mamita 5, mulifupi mita imodzi, mu Ogasiti limakhutira ndi makheni awiri a malita 10 patsiku. Bedi lomwelo mu Okutobala, masamba atakula ndipo dzuwa likuswa mtengo, limafuna makheni atatu, omwe ndi malita 30. Mabedi anayi ndi malita 120, kapena kuti ndowa 6 za malita 20. Mabedi khumi ndi ndowa 15 tsiku lililonse, Lamulungu lomwe, tsiku la maliro lomwe. Adzasenze ndani? Funso limeneli likambiraneni pabanja, chifukwa kawirikawiri amene amalima mabedi si amene amasenza ndowa.

Ine ndemwe ndinalakwitsapo apa. Chaka changa choyamba pantchito, nditangotuluka kusukulu ya zaulimi, ndinalimbikitsa gulu lina kulima mabedi 20 pafupi ndi chitsime cha m'dambo. Mu Ogasiti madzi ankatungika ndi dzanja, mbande zinagwira bwino, ndipo ine ndinkayenda ndi matama. Okutobala asanafike pakati chitsime chija chinkapereka ndowa zochepa m'mawa, kenako matope. Amayi anayamba kutunga pa mjigo, anthu a m'mudzi anadandaula, ndipo anali ndi chifukwa pakuti amenewo ndi madzi akumwa. Tinapulumutsa mabedi 6 okha. Mbewu, manyowa ndi thukuta la mabedi enawo zinapita pachabe. Agogo ena a m'gululo anali atandichenjeza kuti chitsimecho chimaphwa chaka chilichonse, koma ine ndinkakhulupirira kope langa. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Choncho chitani izi. Funsani akuluakulu amene amachidziwa chitsimecho kuti chaka chatha chinaphwa liti. Zikani ndodo m'chitsime, ndipo Loweruka lililonse m'mamawa musanatunge muzilemba chizindikiro pomwe pafika madzi. Pakatha masabata atatu mudzaona nokha liwiro limene akutsikira. Limani mabedi okhawo amene madzi a mu Okutobala angathe kuthirira. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limadya mokwanira pa mabedi anayi osamalidwa bwino.

Tibzale chiyani?

Mpiru, repu ndi chayinizi zimakonda kozizira. Zifeseni tsopano lino, osadikira. Mukachedwa mpaka Seputembala, mpiru ndi chayinizi zimathamangira kuchita maluwa masamba akadali ang'onoang'ono, ndipo mpiruwo umawawa kwambiri. Repu amapirirako kutentha kusiyana ndi zinzakezo, ndipo mumatchola kwa nthawi yaitali. Anyezi wofuna mitu ikuluikulu nthawi yake inali Malichi ndi Epulo. Wofesa tsopano muyembekezere timitu tating'ono ndi masamba.

Bonongwe, luni, therere ndi nkhwani ndi ndiwo za dzuwa. Izi sizifuna nazale, ndipo zidikireni mpaka kumapeto kwa Ogasiti nthaka itafunda. Ena amanyoza bonongwe kuti ndi ndiwo yomera yokha pa khola, koma m'dimba la pakhomo ine ndimamuika patsogolo. Amakula msanga, mumayamba kudya pakatha masabata atatu kapena anayi, ndipo tizilombo sitimuvutitsa ngati momwe timachitira ndi repu. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri, ndiye zisakanizeni ndi mchenga pofesa kuti zisathithikane. Njere za therere ziviikeni m'madzi usiku umodzi musanabzale.

Musafese zonse tsiku limodzi. Fesani theka la bedi lero, theka linalo pakatha masabata awiri kapena atatu, kuti ndiwo zisachuluke sabata imodzi kenako n'kusoweratu.

Matimati amafuna kuwerengera masiku. Mukafesa pa 1 Ogasiti, mudzawokera sabata yoyamba ya Seputembala, maluwa adzayamba kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo mudzayamba kuthyola chapakati pa Novembala. Mukafesa pakati pa Seputembala, maluwa adzakumana ndi kutentha kwa Novembala ndipo ambiri adzayoyoka, pomwe zipatso zotsalazo zidzapsera mu mvula ya Januwale, nthawi imene chiwawu chimavuta ndipo matimati amang'aluka. N'zoona kuti mtengo wa matimati umakwera nthawi ya dzinja, koma ulimi umenewo umadalira mankhwala opopera pafupipafupi. Pa dimba la pakhomo fesani msanga. Mitundu monga Tengeru 97 ndi Tanya imapezeka m'masitolo a zaulimi, ndipo zipatso zake siziphwanyika msanga mudengu.

Ngati mbewu yanu ndi yosunga nokha kapena paketi yake ndi ya chaka chatha, iyeseni kaye. Ikani njere 20 pa nsalu yonyowa, pindani, sungani pofunda m'nyumba, ndipo nsaluyo isaume. Pakatha masiku 10 werengani. Zikamera 16 kapena kuposa, mbewuyo ndi yabwino. Zikamera zosakwana 10, musataye nayo madzi.

Nazale

M'mera m'poyamba, ndipo mbande yofooka siichira ngakhale mutaithira manyowa ochuluka bwanji. Nazale ikhale pamalo pomwe sipanalimidwe matimati, mbatatesi, mabiringanya, tsabola kapena fodya m'zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi. Mbewu zimenezi ndi banja limodzi ndipo zimasiyirana matenda m'nthaka. Izi ndi zofunika kwambiri miyezi ino pamene nazale za fodya zikuyamba m'madambo momwemo. Nazale ya matimati isayandikane ndi ya fodya, ndipo amene wagwira fodya, kaya wosuta kaya wofwenkha, asambe m'manja ndi sopo asanagwire mbande.

Bedi la nazale likhale mita imodzi mulifupi kuti muzifika pakati osapondapo. Likwezeni pang'ono, phwanyani zibuma zonse, sakanizani ndi manyowa owola bwino. Lembani timizere totalikirana masentimita 10 mpaka 15, takuya sentimita imodzi basi. Fesani mopatula, kwirirani ndi dothi losalala, yalani udzu wouma wopanda njere, ndipo thirirani pamwamba pa udzuwo.

Kuyambira tsiku lachinayi muzisuzumira pansi pa udzu m'mawa uliwonse. Mbewu zikangotumphuka chotsani udzuwo tsiku lomwelo, muukweze pa kathandala kofika m'chiuno. Mukachedwa masiku awiri okha, mbande zimatalika ngati ulusi, zimayezuka, ndipo sizidzalimbanso.

Vuto limene ndimalipeza kawirikawiri m'nazale za mu Ogasiti ndi madzi ochuluka. Mukaona mbande zikugwa m'magulumagulu, tsinde litawola ndi kuning'a pomwe lakhudzana ndi dothi, dziwani kuti mwathithikiza mbewu kapena mukuthirira madzulo pamene usiku ukuzizirabe. Zulani zodwalazo, patulirani zotsala, ndipo muzithirira m'mawa mokha.

Kutatsala sabata imodzi kuti muwokere, chotsani mthunzi ndi kuchepetsa madzi kuti mbande zikhwime. Zifote pang'ono masana, si vuto.

Mabedi ndi kuwokera

M'chilimwe mabedi akhale olowa pansi, okhala ndi kamlambala m'mbali monse, kuti madzi asathawe. Mabedi okwera ndi a dzinja kapena a m'dambo lonyowa. Koma bedi la matimati, poti lidzakumana ndi mvula yoyamba, mulikonzere potulukira madzi Novembala asanafike. Pa mita iliyonse ya bedi thirani ndowa imodzi ya manyowa. Manyowa opsa ndi akuda, ozizira mukapisa dzanja, ndipo sanunkha. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu.

Mpiru ndi repu zimawokeredwa zikakhala ndi masamba anayi kapena asanu, motalikirana masentimita 30 mumzere ndi 45 pakati pa mizere. Matimati amawokeredwa akafika masentimita 10 mpaka 15, motalikirana masentimita 60 mumzere. Thirirani nazale kaye, zulani mbande ndi dothi lake, wokerani dzuwa litapendeka, ndipo thirirani nthawi yomweyo. Mukapeza mbande yodulidwa m'tsinde m'mawa, fukulani ndi chala pafupi pomwepo. Mbozi yake imakhala itapindana m'dothi osati patali.

Kuphimbira: zomwe tidzayese pa munda wophunzirira

Ena mwa inu munanena kuti kuphimbira mabedi ndi udzu kumaitana chiswe. Ena munati kumasunga chinyontho. M'sukulu ya m'munda sititsutsana pakamwa, timayesa. Tidzalima mabedi awiri ofanana a repu, owokeredwa tsiku limodzi, manyowa ofanana. Limodzi tidzaliphimbira ndi udzu wouma wochindikala ngati zala zinayi, osaugunditsa ku tsinde. Linalo tidzalisiya poyera.

Bedi lililonse lidzathiriridwa pokhapokha likafuna madzi. Podziwa zimenezi, pisani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Chikatuluka chouma, thirirani mokwanira kuti madzi alowe pansi. Chikatuluka ndi dothi lomatirira, dikirani. Kuwaza timadzi pamwamba kawirikawiri kumachititsa kuti mizu ikhale pamwamba pomwepo, ndipo mbewu yotero imafota dzuwa likangokwera. Alembi a gulu azilemba makheni amene bedi lililonse lamwa, kutalika kwa mbewu zisanu zomwezomwezo sabata iliyonse, maulendo amene tapalira, ndiponso ngati chiswe chaoneka ndi zomwe chadya. Ine ndili ndi maganizo anga pa zomwe tidzapeze, koma ndiwasunga mpaka kope litalankhula.

Tizilombo ndi ziweto

Kukamatentha nsabwe zimachuluka pa mpiru ndi repu, ndipo kangaude wofiira amagwira matimati, makamaka pamalo a fumbi. Zonsezi zimabisala kunsi kwa tsamba, choncho poyendera dimba muzitembenuza masamba. Pa matimati muziyang'ananso timawanga toyera toonekera ngati pepala. Mkati mwake mumakhala kambozi ka Tuta absoluta. Thothola tsamba lotero, kalikwirireni kutali. Mitengo yakale ya matimati imene inasiya kubereka izulidwe ndi kutenthedwa mbande zatsopano zisanafike, chifukwa ndi mmene tizilomboti timadikirira.

Si kachilombo kalikonse kamene kali mdani. Kofiira kozungulira ka madontho akuda kamadya nsabwe, ndipo mukapopera mankhwala mwachisawawa mumapha ndi komwe. Nsabwe zikangoyamba, madzi a sopo pang'ono, kapena a masamba osinja a nimu kapena ombwe oviikidwa usiku umodzi, amathandiza mukapopera madzulo. Ombwe amapha nsomba, ndiye musatsukire ziwiya zake mumtsinje. Mukagula mankhwala a kusitolo, werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanatchole ndiwo, ndipo muwatsate ngakhale pakhomo palibe ndiwo ina.

Mpanda umangidwe musanafese. Miyezi ino mbuzi zimakhala zotayirira, ndipo nkhuku imodzi imatha kupalasa nazale yonse inu muli ku chigayo.

Pokumana sabata yamawa

Gulu lililonse la anthu asanu libwere ndi ndowa ziwiri za manyowa owola, mtolo wa udzu wouma, ndi nsalu yomwe mwayeserapo mbewu zanu. Aliyense abwere atalemba, kapena ataloweza, mayankho a mafunso awa: Madzi a dimba lanu mudzatunga kuti? Chaka chatha malowo anaphwa mwezi uti? Pakhomo panu ndani adzathirire, ndipo angathe ndowa zingati patsiku? Tidzayamba 7 koloko m'mawa pa chitsime, osati pa mabedi. Amene ali ndi chingwe choyezera abwere nacho.