Funsani Azakhali: Chipepeso cha pafoni sichigona pasiwa



Ndine mayi wa zaka 32, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe ndipo ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina. Amuna anga ali ku Johannesburg, chino n'chaka chachitatu. Timalankhulana pa WhatsApp, koma nkhani zake ndi za lendi, fizi ya mwana ndi mtengo wa randi basi. Pakhomo ndili ndi mwana mmodzi ndi apongozi anga aakazi, omwe anabwera kudzaonana ndi dokotala n'kukhaliratu.

Vuto langa ndi kusungulumwa. Ndili m'magulupu a WhatsApp ambirimbiri, koma onse ndi a zosonkha: chinkhoswe, ukwati, matenda. Palibe amene amandifunsa zomwe ndikuganiza. Kuntchito ndine nambala, kutchalitchi ndine envulopu. Aneba anga ndi anthu abwino, koma nzeru zathu n'zosiyana, sitingachezerane. Mwezi wathawu anataya mwana, ndinawatumizira K10,000 pafoni chifukwa ndinali nditatopa.

Kale ndinali wamoto. Mu 2019 ndinayenda nawo m'misewu pa zionetsero, utsi wokhetsa misozi ndinaupuma. Mu 2020 ndinavota mtima uli m'mwamba. Zomwe zinatsatira mukuzidziwa: mizere ya mafuta, kugwa kwa kwacha, kusowa kwa shuga. Chisankho cha 2025 sindinapiteko n'komwe, andale onse ndi amodzi. Madzulo ndimangodzitsekera kuchipinda ndi foni mpaka tulo. Ndingawapeze kuti anthu a maganizo ngati anga? Nanga dziko lino lili ndi tsogolo loti munthu n'kulidikira?

Wosungulumwa, Area 25

Mwana wanga,

Za dziko tikamba, koma taima kaye pamene wadutsa mothamanga paja. Mwana wa aneba ako wamwalira, mpanda umodzi, iwe n'kutumiza K10,000 pafoni chifukwa unatopa? Ndipo wazinena mopepuka ngati ukunena zogula mayunitsi a magetsi.

Ndikuuze zomwe zinachitika usiku umenewo iwe uli kuchipinda. Amayi a m'dera lanu anamanga zitenje ndi mipango, anayala mphasa pabalaza, anagona pansi momuzungulira mayi mnzako uja. Wina anatunga madzi, wina anabwera ndi poto wamkulu wa kwake, wina anakhala pafupi kumugwira namfedwa akamagwa ndi kulira. Abambo anaotha moto panja, kwaya inaimba mpaka kucha. Onsewa ankadziwa kutopa. Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Nsungwi amadzuka iwe usanatembenuke n'komwe, koma analipo. Ndalama yako inafika ndithu, inagula kabichi ndi mchere, ndipo dzina lako analiwerenga pamndandanda wa chipepeso. Anthu atalimva anayang'anana: ameneyu ndi uti? Maliro n'kulirana, mwana wanga, ndipo foni siilira.

Loweruka likubwerali umange chitenje, utenge paketi ya shuga, ukagogode pakhomo paja. Usakafotokoze za kutopa kwako. Ukangoti pepani, ndinalakwa kusabwera, n'kukhala pansi. Akakulandira mozizira, n'zoyenera. Ukhalebe.

Wadandaula kuti kutchalitchi ndiwe envulopu. Anawaphunzitsa zimenezo ndani? Airtel Money ndi Mpamba zatithandiza, sindikana. Fizi imafika kumudzi tsiku lomwelo, osatinso kupatsira kondakitala wa basi n'kumapemphera. Koma anthu olandira pakutha pa mwezi mwazisandutsa njira yogulira kusapezeka. Ukwati mumatumiza, matenda mumatumiza, maliro mumatumiza. Ndiye munthu amene amangokuona pa uthenga wakuti mwalandira ndalama, tsiku lina adzakufunsa bwanji za mumtima mwako? Sakukudziwa. Akudziwa nambala yako.

Tsopano mawu aja akuti nzeru zathu n'zosiyana. Kumeneko ndi kudzimva, ngakhale wakunena mwaulemu. Ukutanthauza kuti iwe unafika kukoleji, iwo ayi. Anthu a maganizo ngati ako amene ukuwasakawo unawapeza kalekale, ali m'foni mwakomo. Facebook ndi TikTok zimaona pamene chala chako chaima, n'kukubweretsera zomwezo mawa. Ukakonda nkhani zakuti dziko latha, zikutsanulira zakuti dziko latha mpaka pakati pa usiku. Wakhala zaka ukumva mawu ako omwe akubwerera kwa iwe, ndipo wasungulumwabe.

Ukufuna anthu akudziwe kuti ndiwe wakutiwakuti, osati nambala. Zimenezo zimachitika pakati pa anthu osiyana nawe. Kuofesi kwanu owerengera ndalama ndi ambiri, ukadwala amaika wina. Koma m'dera lanulo muli banki m'khonde imene amayi amakangana chaka chilichonse pogawana mu Disembala, chifukwa kope linalembedwa mosokonekera, chiwongoladzanja cha wina chasowa, wina akuti anabweza koma sizinalembedwe. Muli komiti ya maliro yosunga ndalama m'kachitini. Iwe mabuku ndi ntchito yako. Utakhala nawo miyezi itatu yokha, ana a m'deralo adzayamba kukuloza kuti amayi a mabuku aja ndi awo, ndipo ukadzadwala adzabwera ndi phala, osati chithunzi cha manja opemphera.

Za apongozi ako wazitchula m'chiganizo chimodzi n'kuwasiya pomwepo. Ine sindine wa gulu lonena kuti apongozi ndi angelo. Ena amabwera ndi kachikwama ka masiku atatu n'kutha zaka, mchere wa m'ndiwo n'kumauyeza tsiku ndi tsiku. Ndiponso si chilungamo kuti mwamuna akhale ku Joni, azilamu ako akhale phee m'makomo mwawo, mtengwa yekha n'kumasenza mayi wa eni ake, mankhwala, thiransipoti ya kuchipatala, zonse. Zimenezo uitane ankhoswe, zikambidwe poyera, aliyense anene chomwe azipereka. Ulemu sikukhala chete mtima ukuwawa.

Koma pamene zikukambidwa, m'nyumba mwako muli munthu wamkulu amene amakhala yekha pabalaza iwe uli wekha kuchipinda. Anthu awiri osungulumwa, chitseko chimodzi pakati. Ndipo funso lako la tsogolo la dziko, mayi amenewo angakuyankhe kuposa ine. Afunse za khadi ya chipani, momwe anyamata ankaimira pachipata cha msika ndi pokwerera basi, wopanda khadi osalowa. Afunse za lamulo la kavalidwe la 1973, limene linkaletsa mkazi kuvala thalauzi, lomwelo umapita nalo kuntchito osaganizako. Afunse komwe anali mu Malichi 1992 pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndi pa 14 Juni 1993 pamene anthu anasankha pakati pa tambala wa chipani chimodzi ndi nyali ya zipani zambiri. Anthu amenewo anadikira zaka pafupifupi 30 pansi pa munthu mmodzi. Iwe wavota, wakhumudwa, ndiye basi wataya kale chiphaso chovotera?

Kukhumudwa kwako sindikukunyoza. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi, malipiro ako anaima pomwe anali, ndipo ogona pamizere ya mafuta sanali olota. Andale ambiri akamalowa amaoneka osiyana, akakhala pampando amafanana, pamenepo ndiye tagwirizana. Koma werenga bwino, poti kuwerenga ndi ntchito yako. Kamuzu Banda mu 1994, Joyce Banda mu 2014, Peter Mutharika mu 2020, Lazarus Chakwera mu 2025: atsogoleri anayi ali pampando anachotsedwa ndi kapepala, popanda mfuti. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti, chinthu chomwe mu Africa muno chinali chitachitika ku Kenya kokha, ndipo kuyambira pamenepo wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Mapazi ako omwe a mu 2019 anathandiza nawo zimenezo. Kulakwitsa kwako n'kwakuti chiyembekezo chonse unachipachika pa munthu mmodzi, iwe n'kubwerera kuchipinda kukadikira kuti akubweretsere dziko latsopano.

Pa 16 Seputembala 2025 mapepala anali atatu: la pulezidenti, la phungu, la khansala. Khansala wa wodi yanu dzina lake ukulidziwa? Ngalande yotsekeka ya pamsewu wanu, zinyalala za pamsika, zimbudzi za pasukulu ya mwana wako, zonsezo zili ndi ofesi yake ndi ndalama yake. Kuyambira mu 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma likugwira ntchito. Ukhoza kulemba kalata kukhonsolo kufunsa momwe ndalama za chitukuko za CDF za m'dera lanu zayendera. Mwina sadzakuyankha msanga. Ukalembanso muli amayi makumi awiri, mayina ndi masiginecha, adzayamba kukudziwani. Koma amayi makumi awiriwo uwatenga kuti, iwe amene sunagone nawo pasiwa?

Ndipo izi ndikuuza nonse amene mumawerenga tsamba lino muli kuseri kwa mipanda ya njerwa, mageti akuda, magalasi osweka pamwamba. Msonkhano wa makolo kusukulu mumatumako wantchito. Wa chitetezo cha m'dera mumatumiza ndalama ya tochi. Ophunzira, odziwa kuwerenga bajeti, odziwa kulemba kalata yoti bwana aichite manyazi, ndinu amene simupezeka. Zonse mwasiyira agogo ndi amayi a geni, kenako usiku mumalemba pa Facebook kuti Amalawi ndife ogona. Agogowo sanagone, anali kumsonkhano dzuwa likuswa mtengo, ndipo anasaina pomwe anauzidwa chifukwa wowawerengera pepala panalibe.

Amuna akowo uwauze andilembere okha. Zaka zitatu ku Joni, mayi awo ali m'manja mwako, foni yongofunsa mtengo wa randi: mawu ndili nawo, koma ndi awo, si ako.

Azakhali