Ngalande ya ku Chainda ikudikira ndani?

Kalata yoyamba pa pulogalamu ya pa wailesi madzulo aja inachokera kwa mayi wina wogulitsa tomato ku Chainda. Mvula ikagwa madzi amalowa mpaka kunsi kwa bedi, ndipo matumba a mchenga amene anaunjika pakhomo anang'ambika kale. Kansala anauzidwa, ngalande siikumbidwa. Nanga ndalama zimapita kuti?

Katswiri wa za makhonsolo amene anali mu situdiyo sanathamangire kudzudzula kansala. "Amayi, kansala alibe thumba lakelake," iye anatero. Bajeti ya khonsolo ya Lusaka imayamba mu Januware n'kutha mu Disembala. Akuluakulu a nthambi ndiwo amalemba zofunika, komiti ya zachuma n'kuzipenda mzere ndi mzere, kudula apa, kuwonjezera apo. Kenako nkhani imapita ku msonkhano wa makansala onse ku Civic Centre, mumsewu wa Independence, isanatumizidwe kwa nduna ya maboma aang'ono kuti ivomereze. Pofika pa msonkhano waukuluwo zambiri zimakhala zitapsa kale, moti ngalande imene sinatchulidwe mu komiti kawirikawiri imadikira chaka china.

Mnyamata wina analemba mokwiya. Anamva kuti ndalama za chitukuko cha dera la phungu, za CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni mu 2021 kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, kenako K30.6 miliyoni mu 2024. Bwanji msewu wa kwawo ukadali matope okhaokha?

Apa katswiri anachedwapo, ndipo mpake. Ndalamazo si za wadi imodzi. N'za dera lonse la phungu wa Munali, kutanthauza kuti Chainda imagawana mbale imodzi ndi Mtendere, Kalingalinga ndi mawadi ena. Gawo lina limalipirira ana sukulu za sekondale zogonera komweko ndi maphunziro a ntchito zamanja, lina limapita ku magulu a amayi ndi achinyamata, ndipo lalikulu ndilo la zomangamanga. Pempho la ngalande limayambira ku Ward Development Committee, imene ili m'lamulo la Local Government Act la 2019. Kuchoka kumeneko limakapikisana ndi zipinda za sukulu, zipatala ndi mipope ya madzi pamaso pa komiti ya CDF. Kudandaula pa siteshoni ya minibasi, anatero moseka, sikulowa m'maminitsi.

Wina anamutsutsa ndithu. M'makomboni ambiri anthu sadziwa n'komwe tsiku limene komiti ya wadi imakumana, ndipo amene amadziwa nthawi zina ndi a chipani okhaokha. Katswiri sanakane. Anangokumbutsa za kolera imene inabuka mu Okutobala 2023, mpaka bwalo la National Heroes kusanduka chipatala ndi masukulu kuchedwa kutsegulidwa. Ngalande ndi zinyalala zimene komiti imakankhira kutsogolo zimadzalipiridwa ndi unduna wa zaumoyo.

Funso lomaliza linali lalifupi: kodi munthu wamba angalowe mu msonkhano wa khonsolo? Angalowe pa msonkhano wa makansala onse, kukhala n'kumvetsera, koma savota. Kwa mayi wa tomato uja katswiri anati asonkhanitse anansi, alembe pempho lotchula msewu ndi nyumba zimene zimamira, asainire onse, akalipereke kwa tcheyamani wa komiti ya wadi bajeti isanakonzedwe, ndipo kope limodzi lodindidwa asunge okha.